Thanki Yopanda Nsomba

Pawindo la chipinda chimene ndimachita lendi ku Salford pali chigoba chozungulira, kukula kwake ngati ndimu, chopepuka moti ukachiuzira chimagubuduka. N'cha kanungu ka m'nyanja yamchere, kachilombo kozungulira kokutidwa ndi minga. Ndicho chokha chinatsala pa zamoyo zimene amayi a kumpingo kwathu anandiphera Loweruka lina ku Bolton, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anazipha akuimba nyimbo za Mulungu, ndipo madzi ake ndinakataya ndi manja anga.

Tinabwera ku England ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mayi anga ndi namwino. Bambo ankasamala nkhalamba ina ku tauni yakutali, kugona konko, ndipo kunyumba ankafika kamodzi pa milungu iwiri, tulo tili m'maso. Nyumba yathu inali imodzi mwa zija zogundizana, za njerwa zofiira, zimene woyandikana naye akatsokomola umamva. Amalume, mlongo wawo wa mayi, anabwera kudzaphunzira ku yunivesite ku Manchester. Ankagona m'chipinda changa pamatilesi apansi, mapazi atagunda chitseko.

Anthu a kumpingo sankamvetsa zimene amalume ankaphunzira. Munthu wochokera ku dziko lopanda nyanja yamchere, kuuluka ulendo wonsewo kudzaphunzira tizilombo tosadyedwa. Ankawafunsa kuti bwanji osaphunzira za chambo, kapena unamwino ngati anzawo. Iwo ankangoseka. Ntchito yawo inali ya kugombe la kumpoto kwa Mozambique, kumene kuli matanthwe a makorali, omangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja pansi pa madzi. Ankamira ndi chingwe, n'kuchiyala pansi pa madzi, n'kuwerenga chilichonse chaminga kapena chamiyendo isanu chimene chinali m'mbali mwake. Ankatero pafupi ndi mudzi, n'kukateronso kutali kumene mabwato safikafika, kenako n'kufananiza.

Madzulo ankandionetsa zithunzi pakompyuta yawo. Ankati zilombozi sizikhala paliponse. Mwala ukakhala wamakwinya, wa mabowo ndi mapanga, umapezapo mitundu yambiri, chilichonse pamalo pake, china kunsi, china mumng'alu, china pamchenga wa m'mphepete. Anandionetsa malo a pafupi ndi mudzi, kumene anthu amayenda pamatanthwe madzi akaphwa, kutola zogulitsa. Kumeneko nyenyezi zofiira za m'nyanja, zilombo za miyendo isanu zija, zinatha, anaziumitsa n'kugulitsa kwa alendo odzaona malo. Abongololo a m'nyanja, aja Azungu amawatcha nkhaka, anathanso chifukwa amalonda amawatumiza kunja. Chithunzi china chinali chakuda bii ndi tinungu ta minga italiitali, ndipo ine ndinati apa ndiye pali moyo. Amalume anandigogoda pamutu. Anati ukaona tinungu tadzaza chonchi usasangalale, nsomba zimene zimatidya anthu anazimaliza, ndiye tatsala tokha, tikukukuta thanthwe mpaka lidzasalala. Chithunzi chomaliza chinali cha malo amene asodzi anaphulitsapo bomba. Panali zibenthu zoyera zokhazokha, ngati mbale zosweka.

Thanki anaigula kwa Mzungu wina amene ankasamuka, n'kuibweretsa pa takisi. Inali yagalasi, kutalika kwake ngati manja anga nditawatambasula, ndipo anaiika pabalaza chifukwa ndi pokhapo panali malo. Sinali ya kafukufuku. Amalume ankangofuna kuona nyanja akamamwa tiyi. Nsomba sankazifuna. Munali miyala yochokera kunyanja, yokutidwa ndi ndere zofiirira ndi zobiriwira, ndipo ankati tizilombo tosaoneka ndi maso ta pamiyalapo ndi timene timasunga madzi kuti akhale abwino. Munali nyenyezi imodzi yofiira ngati tomato wakupsa, yochepa kuposa chikhatho changa. Munali tinungu tiwiri, kamodzi kokonda kusenza timiyala ngati kavala chipewa. Munali bongololo wachikasu amene ntchito yake inali kumeza mchenga n'kuutulutsa kumbuyo. Munalinso akangaude atatu. Ndimo ndinkatchulira nyenyezi zina za miyendo yowonda ngati ulusi, zimene zinkabisala m'mabowo a miyala, n'kumangotulutsa miyendo ukathira chakudya.

Holide yaitali itayamba, amalume anapita ku Mozambique kwa milungu isanu ndi umodzi, thanki n'kundisiyira ine. Anandisiyira zigubu ziwiri pansi pa masitepe. Choyera chinali cha madzi osefedwa, opanda mchere. Anandifotokozera kuti madzi a m'thanki amauluka ndi kutentha koma mchere umatsala, choncho tsiku lililonse ndizithira kapu imodzi kapena awiri a madzi oyerawo kufika pa kamzere ka tepi kamene anamata pagalasi. Chabuluu chinali cha madzi a m'nyanja, amene anasungunula okha ndi mchere wake wapadera, oti ndizisinthira pang'ono pa mlungu. Anandipatsanso kope. M'mawa uliwonse ndinayenera kujambula thanki n'kulemba pamene chilombo chilichonse chili.

"Iwe ndiwe mlonda wa thanthwe lino," anatero atanyamula kale chikwama. "Munthu asalowetsemo dzanja."

Ndinagwira ntchitoyo. Ndinkadzuka mbandakucha, kunja kutayera kale monga kumachitira nyengo yotentha, n'kugwada pakapeti ndi pensulo. Pampu yoyendetsa madzi a m'thanki inkalira mng'ung'udza wake wosaleka. Pamphepete pa galasi pankauma mchere woyera umene ndinkaukanda ndi chikhadabo n'kulawa. Patapita milungu iwiri ndinayamba kuona zimene amalume ankanena. Akangaude onse atatu ankakhala mumwala wakumanzere, wa mabowo ambiri, ndipo mwala wosalala wakumanja sankaufuna. Ana a alendo akagogoda galasi Lamlungu, Lolemba ndinkapeza tinungu tathawira kumbuyo. Ndinalemba zimenezo m'kope n'kuzitsekera mzere kawiri.

Koleji ndinasiya ndisanamalize chaka chachiwiri, ndipo lero ndimanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu. Musandifunse ngati n'chifukwa cha thanki. Zifukwa zinalipo zina, ndipo sizikukukhudzani. Ndikungonena kuti ntchito imene ndinaigwirapo ndi mtima wonse ndi ya m'kope lija basi.

Mlungu wachitatu mayi anachira mwana wamkazi, kudzera opaleshoni. Bambo anabwera masiku atatu n'kubwerera kwa nkhalamba yawo. Mayi sankatha kutsika masitepe, ndipo akatsokomola ankagwira pamimba ndi pilo. Ine ndinkadziwa kuwiritsa tiyi ndi kukazinga mazira, zina ayi. Mbale zinaunjikana. Matewera anadzaza bini.

Kwathu mayi akachira, anzake amabwera kudzamugwirira ntchito za pakhomo. Mwambowu anthu anaunyamula mpaka ku Bolton, ndipo ndi wabwino, sindikutsutsa. Loweruka m'mawa kunabwera amayi atatu a kumpingo. Wowatsogolera anali amayi apampando, namwino wamkulu, munthu wa mawu amodzi, amene anathandiza theka la mpingo kupeza ntchito. Awiri mwa iwo anali atangoweruka shifiti ya usiku. Anamanga zitenje pamwamba pa mathalauza, n'kuvala magolovesi achikasu. Ndinawalonjera ndi manja awiri, nditapinda mawondo, monga anandiphunzitsira. Anayamba ndi kukhitchini, akuimba, ndipo fungo la bulichi linakwera mpaka kumwamba.

Atafika pabalaza, mmodzi anazula mawaya a pampu ndi hita yotenthetsa madzi a m'thanki kuti alumikize makina opopera fumbi. Mng'ung'udza uja unaleka. Nyumba inakhala zii mwa mtundu umene sindinaumvepo chibwerere thanki. Ndinapempha kuti ndibwezeretse mawaya, ndipo m'pamene amayi apampando anawerama n'kuyang'ana m'galasi.

Anafunsa kuti nsomba zili kuti. Ndinati mulibe. Anafunsa kuti zinafa liti. Ndinati simunakhalepo nsomba. Anayang'ana anzawo. Onse atatu anakulira kumene madzi osungamo zamoyo ndiye kuti muli nsomba, ndipo madzi opanda nsomba, obiriwira m'mbali, ndi chithaphwi. Ndinawaloza nyenyezi. Mmodzi anati ankayesa n'chidole cha pulasitiki, chija amapachika kubafa.

"M'nyumba muli khanda la masiku asanu, mayi ake ali ndi bala," anatero apampando. "Ndere zonsezi pabalaza? Amuna akasiyidwa okha ndi zimenezi. Usadandaule mwana wanga, sititaya. Tikutsukira bwinobwino, amalume ako adzapeze zikuwala."

Ndinayesa kufotokoza m'Chichewa, koma mawu a zinthu zimenezi ndinalibe. Ndinasinthira Chingerezi, ndipo chinatuluka mofulumira, mokweza, ngati mmene tinkalankhulira pabwalo la sukulu. Ndinati akachita zimenezo azipha. Chipinda chinazizira. Apampando anavula golovesi imodzi pang'onopang'ono.

"Chizungu chakocho ukalankhule ndi aphunzitsi ako. Pano ukulankhula ndi amayi ako."

Ndinathamangira kumwamba. Mayi anali chogona chammbali, mwana ali kubere, maso ofiira. Ndisanamalize kulankhula, apampando anafuula ali pansi pa masitepe kufunsa kuti kodi m'thankimu mumathiridwa madzi anji. Mayi anayankha zimene ankaona tsiku lililonse. Anati amathiramo madzi wamba, a m'chigubu choyera, ndimamuona. Ndinati zimenezo n'zosiyana, kapu imodzi si thanki yonse, mchere suuluka. Mayi anandigwira pamkono, zikhadabo zinalowa.

"Anthuwa asiya tulo tawo chifukwa cha ife," ananong'ona. "Usandichititse manyazi. Tsika ukawathandize."

Ndinatsika.

Anatunga madzi a m'thanki ndi poto, kuthira m'chidebe, ndipo popeza ndinali mwamuna yekhayo m'nyumbamo, wonyamula ndinali ine. Ndinadutsa kukhitchini, kutulukira kuseri kumene kunali mabini, n'kukhuthula m'ngalande. Madziwo anali ofunda, ankandithira m'miyendo, ndipo pouma ankasiya mizere yoyera pakhungu. Ndinabwerera, ndinanyamulanso. Ankandiyamikira kuti ndine mnyamata wamphamvu. Nthawi zina ndimafuna kunena kuti ndinakana, kapena kuti ndinaponya chidebe pansi. Sindinakane. Ndinali mwana woleredwa bwino, ndipo ndi kumene kuleredwa bwino kunandifikitsa.

Zilombo zimene ankaziona anazitola ndi chipande n'kuziika m'beseni la madzi a pampopi. Anasamala ndithu, anayesa ndi chigongono kuti asakhale ozizira, ngati madzi osambitsira khanda. Ndinapempha kuti tithiremo a m'chigubu chabuluu. Apampando anatsegula, ananunkhiza, n'kunena kuti ndi madzi ogona, ndibweze kumene ndawatenga. Zilombo za mtundu umenewu sizitha kudziteteza ku madzi opanda mchere. Amangolowa m'thupi mwake mpaka chilichonse m'kati chitatupa. Bongololo ndiye anayamba. Anafufuma, kenako anasanza matumbo ake onse, oyera, otanuka ngati ulimbo. Amayi aja analumpha chammbuyo, wina n'kuseka mpaka kugwira khoma. Apampando anati mwaona, n'zimene zinali m'nyumba ya khanda.

Miyala anaitulutsa kuseri. Anaiviika m'madzi a bulichi, n'kuikwecha ndi burashi ya pansi mpaka ndere zonse zinachoka, n'kuiyanika padzuwa pamwamba pa chivundikiro cha bini. Ndinawauza kuti m'mabowomo muli akangaude. Anayesa ndikunena akangaude a m'nyumba, ndipo anati ndiye bwino afe. Mchenga anautsuka m'poto ngati mpunga, kutsanula, kuthiranso, mpaka madzi anayera mbee. Nyimbo sinaleke. Mmodzi anali ndi mawu okoma kwambiri, ndipo mpaka lero ndikamva nyimbo imeneyo ndimatuluka m'chipinda.

Atakwera kukaona mwana ndi kupemphera, ndinakoka chidebe, ndinakhuthuliramo chigubu chabuluu, ndinaikamo hita ndi pampu, n'kusamutsa nyenyezi ndi tinungu ndi manja. Zinali zitakhala m'beseni pafupifupi maola awiri. Nyenyezi inali yofewa ngati buledi wonyowa. Amayi aja potsika anandipeza nditagwada pachidebe ndipo anaseka, anati musiyeni dokotala wa tizilombo. Anabwezera mchenga ndi miyala, anadzaza thanki ndi madzi a pampopi, ndipo poti ndinali nditalira za mchere tsiku lonse, apampando anatapa wa m'ndiwo manja awiri n'kuwazamo. Anapukuta galasi ndi nyuzipepala. Anatisiyira mapoto awiri a chakudya cha mlungu wonse. Thanki inkawaladi.

Akangaude ndinawapeza madzulo, pa kansefa ka ngalande. Inali miyendo yokhayokha, yoduka, yoyera.

Ndinaimba nambala ya amalume kasanu ndi kawiri. Ankayankha mayi wa pamakina, m'Chipwitikizi. Kumene amalume anali kunalibe netiweki, ndipo anali atandiuziratu. Lolemba ndinaimba kusitolo ya ku Manchester kumene anagula zilombozo, nambala ndinaipeza pathumba la mchere. Bambo wa kumeneko anandimvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa kuti zinakhala nthawi yaitali bwanji m'madzi a pampopi. Nditamuuza, anati ndisazimitse hita, ndipo ndisayembekezere zambiri.

Nyenyezi inayamba ndi kadontho koyera pamwendo umodzi. Kutacha mwendowo unali utathothoka, uli pawokha pansi pa chidebe. Tsiku linalo inasungunuka, ndipo madzi ananunkha ngati doko. Tinungu tinalimba masiku anayi. Minga inkagwa umodziumodzi, kenako yambiri nthawi imodzi, ngati singano za telala zitamwazika. Kaja ka chipewa kanayesa kunyamula kamwala kamene ndinakaponyera, kanakafikitsa pakati, n'kukagwetsa. M'kope ndinkajambulabe m'mawa uliwonse. M'malo mwa thanki ndinkajambula chozungulira, ndiye chidebe, n'kuika timitanda pamene chilichonse chili. Lachitatu ndinajambula chozungulira chopanda kanthu. Palibe amene anandiuza kuti ndileke, ndiye ndinajambula choncho mpaka amalume anabwera.

Mayi anatsika koyamba Lachinayi, atagwira khoma. Anayang'ana thanki, anayang'ana chidebe, n'kufunsa ngati ndadya.

Amalume anafika atada, ataonda, khungu la pamphuno likusupuka. Anaika chikwama pakhomo la balaza n'kuima. Miyala inali mbuu m'madzi oyera, yosalala, yopanda kanthu. Ndinali nditakonzekera kumenyedwa, ndipo mwina ndinkafuna. Anapempha kope. Analiwerenga lonse ali chiimire, tsamba ndi tsamba, mpaka pa zozungulira zija. Pamene ndinatsekera mzere kawiri anaimapo nthawi.

"Unawauza?"

"Ndinawauza."

"Chabwino."

Anakwera kukaona mwana. Ndinamva akuseka kumwambako, akumutchula mayina achibwana. Madzulo anakhuthula thanki okha, osandipempha kuti ndinyamule, ndipo anaiika kuseri pafupi ndi mabini, chozondoka.

Ndinadikira Lamlungu. Ndinali wotsimikiza. Awa anali amalume amene ankandiuza kuti anakangana ndi asodzi a mabomba maso ndi maso, pamchenga, m'chinenero chimene sankachidziwa bwino. Ndinkadziwa kuti akaimirira, ndipo ndinali nditasankha kale pamene ndidzaime kuti ndione nkhope ya apampando.

Tinkapemphera muholo yobwereka, ya mipando yapulasitiki, yonunkha kapeti wonyowa. Itafika nthawi ya zolengeza, amalume anaimiriradi. Anawomba m'manja mwaulemu, atawerama. Anathokoza amayi a mpingo chifukwa chosamala mlongo wawo iwo ali kutali. Anati anapeza nyumba ili yoyera, mwana ali bwino, ndipo Mulungu awabwezere pamene anachotsa. Anthu anati ameni. Wina analuluta pang'ono.

Potuluka, apampando anatipeza pa tebulo la tiyi. Anandigwira tsaya n'kufunsa ngati tizilombo tanga tikusangalala m'nyumba yoyera. Ndinatsegula pakamwa. Dzanja la amalume linatsika paphewa panga n'kufinya mpaka fupa.

"Thokoza amayi," anatero.

Ndinathokoza. Ndinapinda mawondo.

Pa basi pobwerera sindinakhale nawo mpando umodzi. Ndinkaganiza kuti mwina sanamvetse zimene zinachitika, kapena kuti zilombo zija sankazikonda monga ankanenera. Milungu yotsatira ndinkagona chofulatira matilesi awo.

Sindinkadziwa kuti mapepala a amalume okhalira m'dziko muno ankatha miyezi ingapo kutsogoloko, ndipo kuti iwo ankadziwa kale kuti sawawonjezera. Sindinkadziwa kuti mayi adzabwerera kuntchito mwana asanayambe kukwawa, bambo ali kutali, ndipo kuti mlongo wanga azidzasiyidwa m'manja mwa amayi atatu omwewo, lero uyu mawa uyo, kwa zaka zitatu, popanda wodandaula. Amalume ankasiya mlongo wawo m'tauni ya eni, ndipo anthu amene akanamugwira dzanja anali okhawo a magolovesi achikasu. Anayeza, n'kusankha. Pano ndikumvetsa, ndipo kumvetsako sikunandithandize chilichonse.

Nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti zilombo zinali zisanu ndi ziwiri, ndipo akuluakulu amene anakhudzidwa anali asanu. Ndinkayesa kuti mmodzi mwa iwo, tsiku lina, tili awiri, adzandiitana pambali n'kunena kuti pepa, unkanena zoona. Ndinkafuna mmodzi yekha. Sanabwere.